Zipolopolo za M'filimu Zimawerengedwa Ngati Nkhomo za Bawo

Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ngakhale pa boma la Ntchisi, nyumba yoonetsera kanema imadziwika ndi makutu maso asanaione. Mwini wake amapachika sipika panja, pamwamba pa chitseko, ndipo chimene chimatulukamo nthawi zambiri ndi kulira kwa mfuti. Amadziwa chimene akuchita. Mwana wotumidwa mchere akamva phokoso limenelo miyendo imalemera, ndipo mnyamata amene wangogulitsa kumene soya wake amayamba kupapasa m'thumba. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo ngakhale itayamba, m'midzi yambiri ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi munalibe magetsi oyatsira TV. Choncho ambirife mafilimu tinawadziwira pa benchi la vidiyo sho, jenereta ikulira kuseri, ndipo mayina oyamba kuloweza anali a amuna onyamula mfuti: Rambo, Commando, Chuck Norris.

Mkangano woti kuwomberana koposa konse kuli mu filimu iti sunathe mpaka lero, ngakhale mafilimuwo tsopano akuyenda pa memore khadi ndi pa foni. Ambiri amaweruza poona kukula kwa chida ndi kuchuluka kwa mitembo. Ine ndimaweruza mwina, ndipo kuti mundimvetse ndikupemphani tituluke mu vidiyomo, tikaime pakhonde la golosale pamene akuluakulu awiri akusewera bawo.

Thabwa la bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo nkhomo zonse pamodzi ndi 64. Palibe chobisika. Woimirira pambali akuona zimene zili m'dzenje lililonse monga mmene akuonera eni masewerawo. Koma taonani mmene nthawi imagawikira. Dzanja likayamba kuyenda, kutola, kugwetsa imodziimodzi, kudya za mnzake, kuzilowetsa, mpaka kukagona, ntchito yonseyo imatha m'masekondi ochepa chabe. Nthawi yochuluka imapita dzanja lili pachibwano, maso ali pathabwa, munthu akuwerenga chamumtima: ndikanyamula apa ndikathera pati, ndikangotakata uku mnzangayu andidya zingati. Oonerera nawonso akuwerenga. Ena aona kale msampha umene mkulu uja sanauone, ndipo akudzigwira kuti asatsokomole. Wosadziwa bawo akamadutsa amangoona amuna atakhala duu pakhonde. Wodziwa amaona kuti pamenepo pavuta.

Kuwomberana kwabwino m'filimu kumamangidwa motero. Woonera ayenera kulidziwa thabwa, ndiko kuti ndani waima pati, akuona chiyani ndipo chimene sakuona n'chiyani. Ayenera kukhala ndi zowerenga, kaya ndi zipolopolo, mphindi kapena anthu otsala. Ndipo wokonza filimu ayenera kumupatsa mpata woti awerenge. Kulira kwa mfuti n'kuyenda kwa dzanja chabe, kumabwera masamu atatha kale.

Pa nkhani ya kudikira, palibe amene anaposa Sergio Leone wa ku Italy kumapeto kwa The Good, the Bad and the Ugly, filimu ya mu 1966. Amuna atatu akusaka golide wa madola 200,000 amene anakwiriridwa kumanda. Tuco, yemwe ndi Eli Wallach, ankadziwa manda ake koma osadziwa mtumbira weniweni. Blondie, yemwe ndi Clint Eastwood, ankadziwa dzina lolembedwa pa mtumbirawo. Wachitatu, Angel Eyes, yemwe ndi Lee Van Cleef, anawalondola mpaka kukawapeza komweko. Blondie akutola mwala, akunena kuti dzina lija walilemba pamenepo, akuuika pakati pa bwalo lozungulira loyalidwa miyala, ndipo atatuwo akubwerera chafutambuyo, aliyense kukaima mbali yake. Manda amenewa anangomangidwira filimuyi, pafupi ndi Burgos ku Spain, ndipo amene anazika mitanda yambirimbiriyo anali asilikali a dzikolo.

Kuchokera pamenepo pakudutsa mphindi pafupifupi zisanu mfuti isanalire. Leone akuyamba watisonyeza bwalo lonse kamera ili patali, kuti tidziwe bwino malo a aliyense. Kenako kamera ikusendera: chiuno ndi mfuti yake, zala zikugwedera pafupi ndi lamba, nkhope ya thukuta, pomaliza maso okhaokha kudzaza sikirini yonse. Zithunzi zikusinthana mofulumirirafulumirira motsatana ndi nyimbo ya Ennio Morricone. Vuto limene atatuwo ali nalo, woonera aliyense akulimva ngakhale asadziwe Chingelezi: ukawombera mmodzi, winayo akuwombera iwe, ndiye uyambe ndani? Tuco akuopa onse awiri, maso ake sakukhazikika. Angel Eyes akudziwa kuti woopsa ndi Blondie, komabe sakufuna kumutayirira Tuco. Blondie yekha ndiye waima modekha, ndudu ili pakamwa. Mfuti ikulira kamodzi, Angel Eyes ali pansi. Tuco akukoka chala koma mfuti yake ikungoti kete kete, chifukwa Blondie anali atachotsamo zipolopolo usiku wapitawo. Ndiye kuti nkhaniyi inatha dzulo lake. Wa bawo aliyense amamudziwa munthu wotere, amene amakulekerera kuti udye nkhomo ziwiri zitatu ukumwetulira, iye atawerenga kale kumene dzanja lake likagone. Mukaioneranso kachiwiri mumaona kuti Leone sanakunamizeni pena paliponse. Kudekha kwa Blondie kunali poyera, inu ndi amene simunakuwerengere.

Pano ndiyankhule ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Ntchito yawo ndimailemekeza kwambiri, chifukwa atsegulira khomo agogo ndi ana amene kale ankangoona anthu akugwedeza milomo osadziwa chimene akukanganirana. Dandaulo langa ndi limodzi: ambiri amaopa chete. Pamene wokonza filimu wasiya dala mphindi zopanda mawu, iwo amazidzaza ndi nthabwala, moni kwa anzawo, ngakhale kuululiratu amene afe. Zili ngati munthu woimirira kumbuyo kwa osewera bawo n'kumafuula kuti nyamulani apo mudya zisanu ndi imodzi. Wanena zoona, koma masewera wawapha. Pamalo otere womasulira waluso ndi amene amatsitsa maikolofoni n'kusiya anthu adziwerengere okha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

High Noon ya mu 1952, imene anatsogolera Fred Zinnemann, inatenga kudikira kumeneku n'kukutambasula filimu yonse. Will Kane, yemwe ndi Gary Cooper, ndi mkulu wa chitetezo m'tauni yaing'ono ya Hadleyville. Wangokwatira kumene m'mawa womwewo ndipo akutula pansi udindo, pomwe akumva kuti Frank Miller, amene iye anam'mangitsa, watulutsidwa m'ndende ndipo afika pa sitima ya 12 koloko masana. Anzake a Miller atatu ali kale pa siteshoni. Filimuyi ndi ya mphindi 85, ndipo nthawi ya m'nkhaniyo ikuyenda pafupifupi mofanana ndi wotchi ya woonera. Kane akuyenda khomo ndi khomo, mpaka kutchalitchi, kupempha omuthandiza, aliyense akupeza chifukwa chokanira, ndipo kamera ikungobwererabwerera ku mawotchi a pakhoma. Chimene tikuwerenga apa ndi mphindi zotsala ndi anzake amene akuchepa mmodzimmodzi. Sitima ikalira, kamera ikukwera m'mwamba kutionetsa munthu mmodzi pakati pa msewu wopanda anthu. Kuwomberana kwenikweniko n'kwakufupi, ndipo sikukanakhala kanthu pakanapanda ola lonse lija la kukanidwa.

Tsopano za thabwa lenilenilo. Pali lamulo limene ojambula amalitsata, loti oonera ambirife sitilidziwa dzina koma timamva m'thupi likaswedwa. Pakati pa anthu awiri oyang'anizana amalingalira mzere, ndipo kamera imakhala mbali imodzi ya mzerewo. Motero amene akuloza mfuti kumanja amakhala akulozabe kumanja m'chithunzi chilichonse, mdani wake akulozabe kumanzere, ndipo ubongo wa woonera umamanga mapu popanda kuvutika. Ukaima kumbuyo kwa wosewera bawo, umadziwa kuti mizere iwiri yapafupiyi ndi yake, yakutsogoloyo ndi ya mnzake. Wina atamatembenuza thabwa nthawi iliyonse ukaphethira, sungawerengenso kanthu. Ndi zimene zimachitika m'mafilimu ambiri a masiku ano: kamera ikugwedezeka, chithunzi chikusintha sekondi iliyonse, magalasi akusweka, moto uli lawilawi, koma ukafunsa mnzako wa pabenchi kuti amene wagwayo wawomberedwa ndi ndani, naye sakudziwa. Phokoso lilipo, mantha palibe.

Nanga zipolopolo? Mfuti ya m'manja ya m'mafilimu a makauboyi imanyamula zisanu ndi chimodzi, ndipo kuchepa kumeneku ndi chuma kwa wolemba nkhani. Mu Dirty Harry ya mu 1971, imene anatsogolera Don Siegel, Clint Eastwood akuimirira pamwamba pa wakuba wovulala amene dzanja lake layandikira mfuti ili pansi, n'kumuuza kuti iye mwini wasokonezeka, sakukumbukira ngati wawombera kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Wakubayo ayenera kuwerenga, ife oonera tikuwerenga naye limodzi, ndipo pamenepo palibe ngakhale chipolopolo chimodzi chikuuluka. Mfuti ya AK-47, imene anthu a kuno anaidziwa makamaka pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, magazini yake yodziwika imanyamula zipolopolo 30, ndipo imalavula pafupifupi 600 pa mphindi. Masamu ake ndi apafupi: munthu akakanikiza chala osachotsa, m'masekondi atatu yatha.

Ndiye taganizirani za Commando ya mu 1985. Arnold Schwarzenegger, amene m'filimuyi ndi John Matrix, wafika pachilumba kukapulumutsa mwana wake wamkazi Jenny. Akuyenda poyera, pakati pa maluwa a pabwalo, asilikali makumimakumi akumuwombera osamulasa, iye akuwapulula ndi mfuti yosaoneka kutha. Filimuyi inatisangalatsa ndipo mpaka pano imasangalatsa, ili ndi chikoka chake cha mphamvu ndi nthabwala. Koma mtima sugunda. Ali ngati masewera a bawo amene mmodzi wakhala ndi thumba la nkhomo pambali, zikamuthera akungotapamo. Anyamata amati mwini filimu safa, ndipo n'zoona kuti kawirikawiri safa. Luso la wokonza filimu ndi kutiiwalitsa zimenezi kwa mphindi zingapo, ndipo chida chake chachikulu ndi kumuchepetsera mwini filimuyo zogwirira ntchito ife tikuona.

Amene anachita zimenezi mwaukatswiri pa TV ndi olemba Breaking Bad, m'gawo lina la mu 2010. Hank Schrader, wapolisi wolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ku Albuquerque, waimitsidwa ntchito ndipo mfuti yake wabweza. Wakhala m'galimoto yake pamalo oimikapo magalimoto, foni ikulira, mawu osadziwika akumuuza kuti kukubwera anthu awiri kudzamupha ndipo watsala ndi mphindi imodzi. Iye akuyang'ana wotchi ya m'galimoto, akuyang'ana pagalasi, aliyense wodutsa akuoneka ngati wakupha. Akafika abale awiri a banja la Salamanca, Hank chida chake ndi galimoto yokha, akubwerera nayo m'mbuyo n'kumupanikiza mmodzi miyendo. Winayo akumuwombera, kenako akuganiza zokatenga nkhwangwa kuti amumalize nayo. Pansi pagwa chipolopolo chimodzi, chimene tinachiona kale m'gawo lomwelo wogulitsa zida akuchipereka chaulere. Hank, magazi ali chuchuchu, akukwawira chipolopolocho kuti achilowetse mu mfuti ya wopanikizidwa uja, imene yatha zipolopolo. Nkhomo imodzi, dzenje limodzi, ndipo aliyense woonera akudziwa kuti ikaphonya kwatha.

Za Rambo ndinenepo chinthu chimene ambiri amadabwa nacho. Mu First Blood ya mu 1982, filimu yoyamba ija, munthu amene tikumuona akufa ndi mmodzi yekha, wapolisi wogwa kuchokera mu helikopita. Kumapeto John Rambo akuswa tauni ndi mfuti yaikulu ya M60, akuvulaza mkulu wa polisi Teasle, koma filimu ikuthera pa iye atakhala pansi akulira pamaso pa mkulu wake wakale, Colonel Trautman, akukumbukira anzake amene anafera ku Vietnam. Mulu wa mitembo umene timaukumbukira ndi wa mafilimu otsatira, a mu 1985 ndi 1988. Kwa ine yoyambayo ndiyo yolemera, ngakhale pa vidiyo sho yachiwiri ndiyo inkadzaza mabenchi.

Musaganize kuti ndikunena kuti kuwomberana kwabwino ndi kwa chipolopolo chimodzi basi. Bawo ilinso ndi nthawi imene dzanja limayenda osagona, kudya uku, kulowetsa, kuzungulira, kudyanso, oonerera pakamwa pali yasa, mpaka mzere wakutsogolo wa mnzake kutsala mbee. Kukoma kwake n'koti ngakhale dzanja likuthamanga, diso likutha kulitsata. John Woo wa ku Hong Kong ndiye mwini wake wa mtundu umenewu. Mu Hard Boiled ya mu 1992, Chow Yun-fat ndi Tony Leung akumenyana ndi zigawenga m'chipatala, ndipo pali chigawo cha mphindi pafupifupi zitatu chimene kamera ikuwatsata m'makonde osaduka ngakhale kamodzi. Akulowa m'chikepe, zitseko zikutsekeka, akupumira m'mwamba, zitseko zikutseguka ali pa nsanjika ina. Zoona zake n'zakuti chikepecho sichinayende. Pa masekondi ochepa amene zitseko zinali zotseka, antchito anasintha maonekedwe a khonde lomwelo. Ndipo pakati pa liwiro lonselo Woo anaikamo chinthu cholasa mtima: Tony Leung akuwombera mwangozi wapolisi mnzake, ndipo akulowa m'chikepemo nkhope itagwa. Zipolopolo za m'filimuyi palibe angaziwerenge, koma makondewo timawadziwa, ndipo imfa imodziyo yawerengedwa.

Kwa amene amafuna kuwomberana kofanana ndi zenizeni, yankho la ambiri ndi Heat ya mu 1995, ya Michael Mann. Gulu la Robert De Niro latuluka m'banki pakati pa mzinda wa Los Angeles, zikwama za ndalama zili kumsana, ndipo apolisi otsogozedwa ndi Al Pacino afika. Val Kilmer akumwetulira polowera ku galimoto, akuona apolisi kutsidya kwa msewu, ndipo osayankhula kanthu akuyamba kuwombera. Ochita filimuyi anaphunzitsidwa kagwiridwe ka mfuti kwa nthawi yaitali, mmodzi mwa aphunzitsi awo anali Andy McNab amene anali msilikali wa gulu la SAS ku Britain, ndipo zimaonekera. Mmodzi akuwombera pamene mnzake akuthamangira kuseri kwa galimoto ina, kenako akusinthana. Ndi kayendedwe kamene msilikali aliyense, kaya wa ku Mvera kaya wa ku Kamuzu Barracks, angakazindikire. Zipolopolo zikatha Kilmer akubisala, akusintha magazini, akudzukanso. Koma chimene chimasiyanitsa chigawochi ndi zina zonse ndi mamvekedwe. Kawirikawiri kulira kwa mfuti m'filimu kumaikidwa pambuyo, mu situdiyo. Mann anasankha mawu amene anajambulidwa pamsewu pomwepo, mfuti zikulira n'kumabwezedwa ndi makoma a nyumba zosanjikizana. Nyimbo ikuleka. Chotsala ndi phokoso louma, lopweteka m'makutu, ndi anthu wamba akuthawa balalabalala. Woyendetsa galimoto ya akubawo akufa, wapolisi mnzake wa Pacino akufa, ndipo wakuba wina akunyamula kamtsikana kuti adzitchinjirize nako. Palibe pamene woonera akuomba m'manja.

Apa ndi pamene bawo imalekera kutithandiza. Nkhomo yodyedwa imalowa mbali ya wodyayo n'kupitiriza kuyenda, ndipo masewera akatha zonse 64 zimabwerera pathabwa. Munthu sabwerera. Kuwomberana kotchuka kwambiri m'mbiri ya America, kwa pa O.K. Corral m'tauni ya Tombstone ku Arizona, kunachitika pa 26 October 1881. Kunatenga masekondi pafupifupi 30, zipolopolo zinalira pafupifupi 30, anthuwo ataima moyandikana kwambiri pa kampata kopanikiza pakati pa nyumba. Billy Clanton ndi abale awiri, Tom ndi Frank McLaury, anafa. Virgil Earp, Morgan Earp ndi Doc Holliday anavulala, Wyatt Earp anatuluka wopanda bala. Mafilimu, kuphatikizapo Tombstone ya mu 1993, akhala akutambasula theka la mphindi limeneli n'kulikongoletsa, koma chenicheni chinali chipwirikiti cha utsi ndi mantha.

Zambiri zimene timaona pa sikirini ndi luso la manja. Mfuti zimakhala ndi zipolopolo za onga wokha, zopanda mutu. Magazi otumphuka pamalaya amachokera m'kathumba kobisidwa mkati, kamene kamaphulitsidwa ndi waya, njira imene inatchuka ndi mapeto a Bonnie and Clyde mu 1967. Munthu wowomberedwa n'kuuluka chagada kukaswa zenera amakhala wakokedwa ndi chingwe. Chipolopolo chikanakhala ndi mphamvu yonyamula munthu, wowomberayo nayenso akanagwa chagada. Chitseko cha galimoto wamba sichitchinga chipolopolo cha mfuti yaikulu. Ndipo ngakhale masewerawa amapha. Brandon Lee, mwana wa Bruce Lee, anafa pa 31 March 1993 ali ndi zaka 28 akujambula The Crow, pamene mutu wa chipolopolo umene unatsalira mu mpope wa mfuti unakankhidwa ndi onga. Pa 21 October 2021 wojambula Halyna Hutchins anafa ku New Mexico pokonzekera chigawo cha filimu ya Rust, mfuti imene inali m'manja mwa Alec Baldwin itapezeka kuti inali ndi chipolopolo chenicheni.

Ife a kuno sitiyenera kupita kutali kuti tidziwe kulemera kwa mfuti. Akuluakulu akukumbukira December 1993, pamene asilikali a Malawi Army analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, mfuti zikulira mu Lilongwe anthu atadzitsekera m'nyumba. Ndipo pa Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, pamalo pamene kale panali ndende ya andale, kuyambira mu 1994 pamakhala othawa nkhondo, tsopano oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Timakwera nawo minibasi imodzi, timagulitsana nawo tomato ndi chimanga. Ena mwa iwo phokoso limene ife timalipira ndalama kuti tikalimve, analimva usiku kuseri kwa nyumba zawo. Sindikunena kuti tileke kuonera mafilimu a mfuti. Ndikunena kuti pa chifukwa chimenechi ndimalemekeza kwambiri wokonza filimu amene amakumbukira kuti wogwa pansiyo ndi mwana wa munthu.

N'chifukwa chake pamwamba pa zonse ndatchulazi ndimaika chigawo china cha Unforgiven ya mu 1992, imene Clint Eastwood anatsogolera yekha n'kuchitanso ngati William Munny. Munny anali chigawenga choopsa pa unyamata wake, tsopano ndi bambo wamasiye woweta nkhumba, wa ana awiri, amene ngakhale kukwera hatchi kukumuvuta. Umphawi wamukankhira kukasaka madola 1,000 amene akazi ena a m'tauni ya Big Whiskey alonjeza kwa amene aphe anyamata awiri, chifukwa mmodzi wa iwo anacheka mnzawo wa akaziwo kumaso ndi mpeni. Ali ndi bwenzi lake lakale Ned Logan, yemwe ndi Morgan Freeman, komanso kamnyamata kodzitama koma kosaona patali. Abisala pamwamba pa matanthwe. Ned, katswiri wa mfuti, akuwombera hatchi, ndipo mmodzi wa anyamata awiri aja, wotchedwa Davey, akugwa nayo n'kuthyoka mwendo. Davey si amene anagwira mpeni, ndipo anali atayesa kupepesa popereka hatchi kwa mkazi wovulazidwayo. Akukwawa kuti akabisale kuseri kwa mwala. Ned akulozanso mfuti, chala chikukana, akuipereka kwa Munny.

Thabwa tikuliona lonse: ife tili pamwamba, mnyamata ali pansi, mwala uli patsogolo pake pang'ono. Zowerenga zilipo, Munny akufunsa kuti zatsala zipolopolo zingati, akuwombera, akuphonya, akuphonyanso, mnyamata akusendera. Kenako akumulasa pamimba. Ndipo filimu ina iliyonse ikanadula pamenepo, koma Eastwood akutisunga. Davey sakufa msanga. Akulira, akuitana anzake, akupempha madzi. Anzakewo akuopa kutuluka poyera. Opha atatu aja akhala pamwamba paja osayang'anana, Munny akutokosa pansi, mpaka akulephera kupirira, akufuula kuti mupatseni madzi mnyamatayo, sitiwombera. Ned akutsanzika kubwerera kwawo, ndalamazo osazifunanso. Kamnyamata kodzitama kaja, katapha winayo pambuyo pake ali m'chimbudzi, kakulira pansi pa mtengo, kakuulula kuti sikanapheko munthu chiyambire, ndipo mfuti yake kakuisiya m'manja mwa Munny.

Amene anajambula zimenezi ndi munthu yemwe uja anaima modekha pa manda a ku Spain ndudu ili pakamwa, yemwe uja anawerengetsa wakuba zipolopolo mu San Francisco. Anadziwa bwino kakomedwe ka kuwomberana chifukwa anakula nako, ndipo atapitirira zaka 60 anasankha kutionetsa mphindi zimene mafilimu aja ankadumpha. Unforgiven inapata mphoto zinayi za Oscar, kuphatikizapo ya filimu yopambana ndi ya wotsogolera wopambana, ndipo kumapeto kwake Eastwood analemba kuti akuipereka kwa aphunzitsi ake awiri, Sergio Leone ndi Don Siegel.